Nsomba zikufa mochulukirachulukira m'damu: ndi TiLV kapena ndi china?

WaMadamu

Akuluakulu, funso langa likupita kwa amene mumadziwa za matenda a nsomba. Kachilombo ka Tilapia Lake Virus, kamene ambiri amangokatchula kuti TiLV, kakhala kakumveka kuyambira pomwe bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linachenjeza mayiko mu 2017. Koma zolembedwa zambiri zimangoti ndi koopsa, basi, osanena zoti munthu achite ataima m'mphepete mwa damu.

Tiyerekeze chonchi. Damu ladothi la mamita 20 mulitali ndi 20 mulifupi, muli tilapia 1,200, zinaikidwa masabata atatu apitawo zili magalamu 5 mpaka 10. Tsiku loyamba zafa 4, mawa lake 9, kenako 20, kenako 45. Zodwalazo zada khungu, zikusambira mwaulesi m'mbali, zasiya kudya, ndipo zina maso achita mbuu. Kodi munthu angadziwe bwanji kuti ndi vairasi osati madzi oipa? Nanga zokapimitsa ku labotale azitenge motani? Ndipo masiku oyambawo achitenji?

Mkokaukonde

Bambo WaMadamu, ndiyambe ndi chimene simungakonde kumva: ndi maso okha palibe amene angalumbire kuti iyi ndi TiLV. Kuda khungu, ulesi, kusiya kudya, mamba kuthothoka, maso kutupa kapena kulowa mkati, zonsezi zimabweranso ndi matenda ena ambirimbiri. Chimene chimalankhula momveka ndi kafedwe ka damu lonse, osati nsomba imodzi ili m'manja.

Mpweya ukachepa, nsomba zimafa mbandakucha. Usiku ndere sizipanga okosijeni koma zimamugwiritsa ntchito limodzi ndi nsombazo, ndiye pofika 4 kapena 5 koloko m'mawa madzi amakhala atauma mpweya. Mumazipeza zikuyasama pamwamba, makamaka polowera madzi, zikuluzikulu ndi zimene zimayamba kugwa, ndipo zimafa zambiri tsiku limodzi kenako n'kusiya. Dzuwa likakwera zotsalazo zimadya ngati palibe chachitika. Poizoni nayenso amapha kamodzin'kamodzi ndipo sasankha mtundu, ngakhale achule ndi ambululu amapezeka atayandama.

Chitsanzo chanu sichikuoneka choncho. Manambala akuwirikiza tsiku ndi tsiku, ndiwo mayendedwe a matenda opatsirana. Komanso nthawi yake ikukayikitsa. Ku Thailand alimi anali ndi dzina lawolawo la vutoli asanadziwe choyambitsa chake: ankati ndi imfa ya mwezi umodzi, chifukwa nsomba zinkafa mkati mwa mwezi woyamba zitasamutsidwira m'makeji. Kugwidwa ndi ukonde, ulendo, ndi madzi achilendo zimafooketsa thupi, kachilombo n'kupeza mpata. TiLV imavuta madzi akakhala ofunda, cha m'ma digiri 22 mpaka 32 a Celsius. Chizindikiro china chothandiza: ngati m'damumo muli mitundu ina ya nsomba ndipo ikudya bwinobwino pomwe tilapia zokha zikugwa, ganizirani za kachilomboka. Ku Israel zinaoneka choncho, nsomba za mtundu wa carp ndi mullet za m'madamu omwewo sizinkafa.

Bakiteriya wa Streptococcus amakonda nsomba zokulirapo, madzi akatentha kwambiri, ndipo yodwala imasambira mozungulirazungulira kapena kupindika thupi. Koma musadalire kwambiri kusiyana kumeneku, popeza kawirikawiri vairasi ndi mabakiteriya amapezeka m'nsomba imodzi yomweyo.

Zochita lero lomwe. Tsekani potulukira madzi kuti asapite ku damu lina kapena kumtsinje. Nsomba isatuluke, isalowe. Ukonde, beseni, ndowa ndi nsapato za damulo zikhale za damulo basi, ndipo wodyetsa azithera pa damu lodwalalo, osayambira pamenepo. Vuulani zakufa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, chifukwa zinzake zimazijompha ndipo mbalame zimakaziponya m'madamu ena. Zikwirireni m'dzenje lakuya mita imodzi kapena kuposa, kutali ndi madzi, muwaze laimu pamwamba musanafotsere. Chakudya chepetsani ndi theka, ndipo ngati sizikudya n'komwe lekani kaye tsiku limodzi kapena awiri. Chotsala chimaola pansi n'kudya mpweya womwe zodwalazo zikuufuna. Manyowa musathire. Musakoke ukonde kuti "tione zatsala zingati", kukoka kumodzi kokha kukhoza kuwirikiza imfa. Lembani m'kope chiwerengero cha tsiku lililonse, kutentha kwa madzi m'mawa ndi masana, ndi komwe mbewu ya nsombazo inachokera. Mukatero dziwitsani akuluakulu oona za nsomba kapena za ziweto m'boma, chifukwa kuyambira 2022 matendawa ali pa mndandanda wa bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse la WOAH wa matenda oyenera kulengezedwa.

MayiWaLabu

Ndivomerezane ndi a Mkokaukonde, ndipo ine ndikhazikike pa funso lachiwiri, chifukwa apa ndi pomwe ntchito yambiri imaonongekera. Labotale ikhoza kukhala ndi makina abwino bwanji, koma ikalandira nsomba yoola palibe chimene ingakuuzeni.

TiLV ndi kachilombo ka RNA, kutanthauza kuti chibadwa chake chimasungidwa mu RNA, yomwe ndi imene labotale imafufuza, ndipo RNA sachedwa kuphwanyika. Nsomba ikangofa m'madzi ofunda, chiwindi chimayamba kusungunuka pa maola ochepa, mabakiteriya a m'matumbo n'kufalikira thupi lonse. Choncho zoyandama zija zisiyeni. Mutenge zimene zikudwala koma zikupumabe, zomwe mungazigwire ndi kaukonde kam'manja popanda kuthamangitsana nazo. Zisanu mpaka khumi pa damu lodwala n'zokwanira. Ngati n'kotheka, tenganinso zingapo zooneka zathanzi, muziike padera, kuti pakhale pofananitsa.

Njira yabwino koposa ndi kuzipititsa zamoyo, m'thumba lapulasitiki lokhala ndi madzi pang'ono ndi okosijeni, gawo limodzi madzi magawo awiri mpweya. Ikalephereka, zipheni mwachangu ndi mafuta a clove kapena pomenya pamutu, iliyonse m'thumba lakelake lomanga bwino, muziyale pa ayezi m'kabokosi kosunga kuzizira, zikafike pasanathe maola 24. Madzi a ayezi wosungunuka asakhudze nsomba. Firiza ya kunyumba ipeweni: kuuma ngati ayezi kumang'amba maselo moti woyang'ana pa maikulosikopu saonanso kanthu, ndipo kuuma n'kusungunuka, kuuma n'kusungunuka kumamaliza RNA.

Ngati labotale ili kutali, dulani nokha ziwalo. Mufunika mpeni wopangira opaleshoni kapena lezala latsopano, kasizasi, chopanira, magolovesi, timabotolo totseka bwino, ndi ethanol wa 95 peresenti kapena mankhwala osungira RNA otchedwa RNAlater. Goneketsani nsomba chammbali, pukutani pamimba ndi ethanol, mung'ambe kuchokera pafupi ndi potulukira ndowe kupita kumutu mosaboola matumbo. Chiwindi chili kutsogolo. Mwa nsomba yodwala TiLV nthawi zambiri chimakhala chotuwa, chofewa, nthawi zina m'mimba muli madzi. Kapamba ndi kakang'ono kofiira kwambiri, kali pafupi ndi chifu. Impso yamatirira kunsi kwa msana, mumaiona mukachotsa thumba la mpweya. Ubongo mumaupeza podula chigaza pang'ono kumbuyo kwa maso. Chiwindi ndi ubongo ndiye zofunika kwambiri, kenako impso ndi kapamba.

Kachidutswa kasapose theka la sentimita. Anthu ambiri amaganiza kuti chachikulu ndiye chabwino, koma ethanol salowa mpaka pakati, ndiye kunja kumauma mkati mukuola. Mlingo wake ndi gawo limodzi la mnofu ku magawo khumi a ethanol. Tiana tating'ono kwambiri mumangoting'amba pamimba n'kutiika tathunthu. Mukhoza kuphatikiza ziwalo za nsomba zosaposa zisanu za damu limodzi m'botolo limodzi kuti ntchito ichepe, koma musasakanize madamu. Pakati pa nsomba ndi nsomba sinthani lezala, kapena mutsuke zida, muziviike mu ethanol ndi kuziwaula pamoto. PCR, njira ya ku labotale yopezera kachilombo pofufuza RNA yake, imagwira ngakhale kadontho kosaoneka, ndiye mpeni umodzi wosatsuka ungapangitse damu lathanzi kuoneka lodwala.

Seti yachiwiri ya zidutswa iikeni mu formalin (mankhwala osungira mnofu kuti usaole) wa 10 peresenti, mlingo womwewo wa 1 ku 10, ndipo iyi isalowe mufiriza ngakhale pang'ono. Ndi imene imaonetsa chimene kachilombo kachita m'thupi. Mu TiLV maselo a chiwindi amaphatikana n'kukhala selo limodzi lalikulu la manyukiliyasi ambiri. N'chifukwa chake ku Ecuador, komwe matendawa anafotokozedwa mu 2014, anayamba kuwatchula kuti syncytial hepatitis asanadziwe kuti ndi kachilombo komwe kankapha tilapia ku Israel. Formalin ndi poizoni, gwirani ndi magolovesi pamalo opita mphepo. Ndipo lembani ndi pensulo. Inki ya maka imasungunuka ndi ethanol, timabotolo n'kufika tonse topanda dzina.

Chomaliza pa izi: zotsatira muziziwerenga mosamala. PCR kupeza TiLV sikutanthauza kuti ndiyo yapha nsombazo. Mu nyanja ya Victoria, mbali ya Tanzania ndi Uganda, ofufuza anakapeza mu nsomba zomwe sizinkaoneka zodwala. Mumatsimikiza zinthu zitatu zikagwirizana: kafedwe ka m'damu, zimene zaoneka m'chiwindi kapena muubongo, ndi PCR, makamaka ya mtundu wa RT-qPCR yomwe imanenanso kuchuluka kwa kachilombo. Kusapezeka nakonso sikutanthauza kuti kulibe, ngati zokapimitsazo zinali zoonongeka kapena zochepa.

Tchetche

Mwafotokoza bwino mayi. Ine ndingowonjezera ziwiri zimene alimi amathamangira zikavuta.

Oxytetracycline ndi mankhwala ena onse a mabakiteriya sapha vairasi. Chimene chimasocheretsa anthu n'chakuti nthawi zina akathira imfa zimatsikadi pang'ono, chifukwa bakiteriya monga Aeromonas kapena Flavobacterium amene analowerera pa zilonda wachepa, kapenanso mliri unali utafika kale pachimake. Mankhwalawa aperekedwe pokhapokha labotale yapeza bakiteriya ndi kuyesa mankhwala amene akumugwira, adzere m'chakudya, amalizidwe masiku ake onse, ndipo nsomba zisakololedwe nthawi yodikira kuti mankhwala achoke mu thupi isanathe. Kuwathira m'madzi a damu ladothi n'kutaya chabe. Nsomba yomwe yasiya kudya nayonso siwalandira.

Mchere umathandiza, koma osati momwe ambiri amaganizira. Nsomba ya m'madzi opanda mchere ikachita zilonda imataya mchere wa m'thupi, madzi n'kumalowa. Magalamu 3 mpaka 5 pa lita amachepetsa vutoli, n'chifukwa chake amagwira ntchito m'matanki ndi poyenda ndi mbewu. Kachilombo sakapha. Ndipo werengerani damu la a WaMadamu: mamita 400 a pamwamba, kuya mita imodzi, ndi malita 400,000. Pa magalamu 3 pa lita ndi makilogalamu 1,200 a mchere. Kandowa kamodzi kamene anthu amawaza m'damu palibe chimene kamachita.

Musaiwalenso kuti si chilonda chilichonse chomwe ndi vairasi. Zilonda zakuya zofiira, zodya mpaka mnofu, zogwira mitundu yambiri ya nsomba nyengo yozizira kapena mvula yamphamvu itagwa, ganizirani matenda a zilonda otchedwa EUS. Imayamba ndi Aphanomyces invadans, kankhungu ka m'madzi, ndipo mu Africa inaonekera koyamba m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi cha mu 2006. Kapamba wotupa kwambiri ndi makha otuwa mwa tiana, ganizirani vairasi ina yotchedwa ISKNV, yomwe inasakaza makeji a tilapia mu nyanja ya Volta ku Ghana kuyambira chakumapeto kwa 2018. Mwa carp, makha oola ndi maso olowa mkati, pomwe madzi ali pa digiri 16 mpaka 28, imeneyo ndi vairasi ya carp yotchedwa KHV. Potumiza zokapimitsa pemphani kuti ayang'ane zingapo, osati TiLV yokha.

WaMadamu

Zikomo nonse, zamveka. Ndiye tinene kuti labotale yatsimikiza kuti ndi TiLV, mliri watha, zatsala 500. Ndamvapo kuti zopulumuka sizidwalanso. Kodi si nzeru kuzisunga kuti zikhale makolo, popeza zaonetsa kale kuti n'zolimba?

Mkokaukonde

Ayi bambo, kumeneko n'kudziotcha ndi moto ukuuona. Kuti zopulumuka sizidwalanso n'zoona, thupi lawo limapanga chitetezo. Koma kusadwala ndi kusanyamula kachilombo n'zinthu ziwiri. Kachilomboka kapezeka m'mazira ndi m'ziwalo zoberekera za makolo ooneka athanzi, komanso mwa tiana tongoswedwa kumene. Onjezani kuti tilapia zambiri zoweta zimafungatira mazira m'kamwa, ndiye mwana amayamba moyo ali m'malovu a mayi ake. Kutsuka mazira ndi ayodini kumayeretsa kunja kokha. Zileleni zopulumukazo mpaka zikule, muzikolole zonse, zituluke pafamu zitafa kale, ndipo matumbo ndi madzi otsukira zisabwerere kumadzi. Palibe umboni woti TiLV imadwalitsa anthu, vuto ndi la nsomba zinzake.

Kafukufuku_Nsomba

Pa zochita pafamu a Mkokaukonde akunena zoona ndipo sindikutsutsa. Koma ganizo la a WaMadamu lisatayidwe lonse, chifukwa ndi lomwe ofufuza akulitsatira, kungoti mwa njira ina.

Mabanja a tilapia salimba mofanana. Pa mliri umene unagwa pa tilapia zoweta za mtundu wosankhidwa wa GIFT ku Malaysia, ofufuza a mabungwe a kafukufuku a WorldFish ndi Roslin Institute anapeza kuti mabanja ena anafa pafupifupi onse pomwe ena anapulumuka pafupifupi onse, ali m'damu limodzi. Kulimbako kumatengera kwa makolo ndithu, ndipo pambuyo pake anapeza malo mu DNA ya nsombazo, pa kromozomu 22, amene ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Kusiyana kwake ndi uku: wobereketsa mbewu sagwiritsa ntchito nsomba zimene zinadwala. Amadwalitsa dala gulu limodzi m'malo otsekedwa, n'kuona mabanja olimba, kenako amaswetsa abale awo amene sanakumanepo ndi kachilombo, kapena amasankha poyeza DNA. Amatenga kulimba, kachilombo n'kukasiya. Mlimi wa damu limodzi sangathe kulekanitsa ziwirizi.

Kachilombo kenikeniko n'kodabwitsa. Kanafotokozedwa mu 2014 nsomba zitachepa kwambiri mu nyanja ya Galilee ndi kufa m'mafamu a ku Israel. Kali ndi zigawo khumi za RNA. Atangoziwerenga, chigawo choyamba chokha ndi chomwe chinkafananako pang'ono ndi kachilombo ka chimfine, zina zisanu ndi zinayi sizinkafanana ndi chilichonse chodziwika, mpaka anakapatsa banja lakelake, Amnoonviridae. Kukhala ndi zigawo kuli ndi zotsatira ziwiri. Mitundu iwiri ikakumana mu nsomba imodzi ikhoza kusinthana zigawo n'kutuluka mtundu watsopano, chomwe ndi chifukwa chinanso chosasakanizira mbewu zochokera kosiyanasiyana. Komanso PCR yopangidwira chigawo chimodzi ikhoza kuphonya mtundu umene wasintha pamalopo, n'chifukwa chake malabotale osamala amayang'ana zigawo ziwiri. Imfa nazonso zimasiyana kwambiri, mafamu ena 10 kapena 20 pa 100, ena mpaka 90.

Katemera wayesedwa wamitundu ingapo, wa kachilombo kophedwa ndi kutentha kapena formalin, wa kachilombo kofooketsedwa, ndi wa DNA, ndipo m'matanki oyeserera ambiri amateteza ndithu. Chovuta ndi kaperekedwe. Kubaya kumafuna nsomba ya magalamu 10 kapena kuposa, pomwe matendawa amagwira kale tiana tochepera pamenepo, ndipo kubaya mamiliyoni a tiana kamodzikamodzi si ntchito yamasewera. N'chifukwa chake khama lalikulu lili pa katemera woviikamo nsomba kapena wosakaniza m'chakudya. Kwa ine, chimene chathandiza kale kwambiri si katemera koma kuyeza kosapha nsomba: kachilomboka kamapezeka m'zoterera za pakhungu, ndiye makolo odula mungawapime pongopala pang'ono ndi kagalasi kapena kathonje, n'kuwabwezera m'madzi.

Pogula mbewu, funsani kuti anapima nsomba zingati. Kuti mukhale ndi chitsimikizo cha 95 pa 100, mumafunika nsomba pafupifupi 30 ngati kachilombo kali mwa imodzi pa khumi zilizonse, 60 ngati kali mwa 5 pa 100, ndi 150 ngati kali mwa 2 pa 100. Chikalata chonena kuti anapima zisanu n'kupeza zili bwino sichikunena kanthu. Mbewu ikafika isungidwe payokha masabata atatu kapena anayi, ndi madzi ake, zida zake, isanasakanizidwe ndi zina.

MayiWaLabu

Nditsirize ndi kuyeretsa, popeza palibe wakukhudza. Mwayi wathu ndi wakuti kachilomboka kali ndi chikuto chamafuta, ndiye sikalimba ku klorini, ayodini, sopo ndi dzuwa. Kuyeretsa kukalephereka, nthawi zambiri wolakwa ndi matope, osati mankhwala. Klorini akakumana ndi matope, ndere ndi zoterera za nsomba amathera pomwepo. Choncho yambani mwatsuka ndi sopo ndi bulashi, mutsukuluze, kenako muviike.

Pa zida, mamiligalamu 200 a klorini pa lita kwa ola limodzi. Ngati muli ndi bulichi wa 3.5 peresenti, ndi mamililita 6 pa lita. Ngati ndi waufa wa calcium hypochlorite wa 65 mpaka 70 peresenti, ndi magalamu 30 m'malita 100. Sungunulani watsopano tsiku lililonse, wagona padzuwa alibe mphamvu. Klorini amadya ulusi wa ukonde mukamabwereza, ndiye tsukuluzani bwino n'kuuyanika padzuwa mpaka uume gwa, kapena gwiritsani ntchito mankhwala ophera tizilombo a Virkon, magalamu 10 pa lita kwa mphindi 10 kapena kuposa. Madzi a klorini musawataire kumtsinje, asiyeni m'chidebe chosavundikira padzuwa masiku angapo.

Damu lenilenilo, madzi ake aphwere m'nthaka kapena m'dzenje, asapite m'ngalande. Chotsani nsomba iliyonse, ngakhale tiana tobisala m'zithaphwi, chifukwa kamodzi kotsala kakwanira kuyambitsanso. Wazani laimu wowotcha, theka la kilogalamu pa mita iliyonse ya pansi, dothi likadali lonyowa kuti agwire. Pa damu la a WaMadamu ndi makilogalamu 200. Laimu wa m'munda sachita ntchito imeneyi, amangochepetsa asidi, sakweza pH (muyeso wa asidi) kufika 11 kapena kuposa pomwe tizilombo timafera. Wowotchayo amapsereza khungu ndi maso, ndiye valani magolovesi, magambutsi ndi magalasi, mphepo ikhale kumbuyo kwanu. Lisiyeni liume mpaka pansi pang'ambike ming'alu, masabata awiri kapena kuposa. Podzazanso, ikani sefa yothina polowera madzi kuti nsomba za kumtsinje zisalowe, ndipo musaike mbewu pH isanatsike kufika pakati pa 6.5 ndi 8.5. Yezani ndi kapepala kapena kamita, m'mawa ndi masana, masiku awiri otsatizana.